Matcheni pa Galimoto ya Mkwatibwi

Ukwati wa Itto unagwa mu Januwale, mwezi umene munthu wanzeru zake ku Azrou, tauni ya m'mapiri ozizira, sasamutsa ngakhale nkhuku. Koma mkwati anali msilikali, ndipo tchuthi cha msilikali sichifunsa za nyengo. Anamupatsa masiku ochepa, nkhosa zinaphedwa, amayi anatanganidwa ndi miphika ya kusikusi, chakudya cha tirigu cha kumeneko, ndiye panalibenso wofuna kukweza maso n'kuyang'ana kumwamba.

Amene anayang'ana ndi Bassou yekha, amalume a mkwatibwi. Bambo ake a Itto anamwalira mwanayo akadali wokwawa, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene Itto anadya, kuvala kapena kupita nacho kusukulu chinachokera m'takisi ya Bassou, Benzi yakalekale imene inkadutsa phiri tsiku ndi tsiku kupita ku Timahdite n'kubwerako. Mwana ameneyu ankamukonda kuposa ake obereka, ndipo ankanena poyera mkazi wake akumva. Tsiku limeneli ankafuna chinthu chimodzi chokha, kukamufikitsa kuseri kwa phiri ali wamoyo.

M'mawa mwake anatuluka panja n'kuima pafupi ndi takisi yake. Thambo pamwamba pa mikungudza linali ngati phulusa, mphepo inali itati zii, ndipo kuzizira kunali kutafewa. Madalaivala a kuphiri amaopa kufewa kumeneko kuposa mkuntho, chifukwa n'kumene kumabweretsa chipale chofewa. Anakauza mlongo wake Rabha, mayi a mkwatibwi, kuti ulendo udikire mawa. Rabha, manja ali mafuta okhaokha, anamuyankha kuti ngati ndi wolimba mtima apite akawauze yekha akuchimuna. Bassou sanapite. Anangotenga matcheni a matayala n'kuwaponya m'buti, pansi pa mabulangete a mkwatibwi.

Akuchimuna anatumiza anthu awiri otsogolera gulu lodzatenga mkwatibwi. Woyamba anali Lalla Mimouna, azakhali a mkwati, mayi wa mano agolide amene ankayankhula ngati anthu onse ndi ogontha. Wachiwiri anali Noureddine, mkulu wake wa mkwati, amene anagwirako ntchito ku Spain n'kubwerako ndi galimoto ya matayala ataliatali ndi chipewa chimene sankavula ngakhale pakudya.

Itatha swala ya masana, pemphero la Chisilamu, Itto anamunyamula n'kumukhazika pampando wakumbuyo wa Benzi, atamufunditsa nsalu kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kuchokera pamenepo mkwatibwi sayankhula, saponda pansi, sacheuka, mpaka pakhomo pa mwamuna wake. Mayi ake anakhala mbali iyi, Lalla Mimouna mbali iyo, nthungululu zinalira, ndipo magalimoto anandandana pambuyo akuliza mahutala.

Pamene msewu umayambira kukwera pali mpiringidzo umene apolisi amatseka chipale chikachuluka. Bassou ankapemphera chamumtima kuti aupeze wotseka, kuti mlandu ukhale wa boma. Anaupeza uli chiimire m'mwamba, wapolisi akuwotha moto m'kanyumba kake. Anawaimikira dzanja, akumwetulira poona maluwa apepala pagalimoto.

Chipale chinayamba ali pakati pa mikungudza. Poyamba chinkagwa mwaulemu, kamodzikamodzi, amayi mpaka anasangalala n'kumati ukwati uwu ndi wodalitsika, wayera kuchokera kumwamba. Kenako chinatsika chenicheni. Mizere ya mumsewu inasowa, mitengo inasowa, kutsogolo kunangoti mbuu. Bassou anayatsa nyale, anatsitsa giya, n'kumayenda ngati wasenza mazira. Pambuyo pake Noureddine ankachita kumununkhiza, hutala osapuma.

Pamene mikungudza imathera pali malo otakasuka oimapo malole. Kupitirira pamenepo msewu umadutsa pachidikha chopanda mtengo, kenako n'kutsetsereka mokhotakhota, phompho lili kumanja. Bassou anapatukira pambali n'kuima.

"Mwaimiranji, adalaivala?" anafunsa Lalla Mimouna. Ankadziwa bwinobwino kuti ndi amalume a mwana, koma kuyambira m'mawa ankamuitana choncho.

"Ndimange matcheni, mayi. Sindichedwa."

"Mumange chiyani?"

"Matcheni, kumatayala akumbuyoku."

"Unyolo," anatero Lalla Mimouna, akulitafuna liwulo pang'onopang'ono. "Pansi pomwe wakhala mkwatibwi wathu mukufuna kumangapo unyolo. Akalowe m'nyumba ya mwana wathu ngati mkaidi? Kapena mukufuna kumanga nyumba yathuyo?"

Kunena zoona, mwambo umenewu Bassou anali asanaumvepo chibadwire. Makolo akale ankanyamula mkwatibwi pabulu, ndipo bulu savala matcheni. Koma Lalla Mimouna anali mtundu wa anthu amene akangotulutsa mawu, mawuwo amasanduka mwambo nthawi yomweyo, ndipo omvera amayamba kukumbukira kuti agogo awonso ankanena zomwezo. Amayi a m'magalimoto ena atamva nkhaniyi anagwira pakamwa. Ngakhale Rabha, mlongo wake weniweni, anayamba kumunong'oneza kuti achimwene, musatichititse manyazi pamaso pa eni ake.

Noureddine anatsika, manja ali m'matumba, n'kumenya tayala la Benzi ndi nsapato.

"Madala, mwakalamba. Mukananena m'mawa, bwenzi titakusiyirani bulangete ndi tiyi. Aka ndi kachipale kapena ufa wotayika?"

"Matayala akowo ndi okwerera," anatero Bassou. "Potsika tonse timafanana."

"Ndiye tipatseni mlamu wathuyo akwere kwa ine. Inu muzibwera pambuyo ndi zitsulo zanuzo."

Lalla Mimouna anayamba kale kusonkhanitsa nsalu zawo. Apa Bassou anachita chinthu chimene akuchimuna sanamukhululukire. Anaima pachitseko chakumbuyo n'kuchitsamira ndi msana, n'kunena kuti mwana uyu satsika muno. Ananenanso kuti iye anauzidwa kukamupereka pakhomo, osati pamsewu, ndipo wofuna kumutenga ayambe wamuchotsa iyeyo. Noureddine anamuyang'ana, analavula malovu pachipale, anakwera galimoto yake n'kuiliza mwaukali. Magalimoto ena onse anamutsatira, amayi akusuzumira pamawindo.

Bassou anatulutsa matcheni. Anagwada pachipale atavala mkanjo wake woyera wa paukwati, anawayala kumbuyo kwa matayala, anabweza galimoto pang'ono, n'kugwadanso kuti akole ngowe. Zala zinali zitauma ngati nkhuni. Atatsegula chitseko chakutsogolo kuti atenge pulayala, anamva chinachake chikumugwira mkono. Linali dzanja la Itto, lofiira ndi utoto wa hina umene amapaka akwatibwi, litatulukira pansi pa nsalu. Mwanayo anaphwanya lamulo la mkwatibwi ndi liwu limodzi lapansipansi.

"Amalume."

"Usaope, mwana wanga. Ndikufikitsa."

Iye anamva ngati mwanayo akuopa msewu. Sizinali choncho. Itto ankaopa mayi amene anakhala pambali pakeyo, ndipo ankamupempha kuti asiye. Koma munthu wofunda nsalu alibe nkhope, ndipo Bassou anabwerera kumatayala mtima uli m'malo, akuganiza kuti mwanayo ali mbali yake.

Ananyamuka matcheni akulira pansi. Lalla Mimouna anatseka maso n'kumatchula dzina la Mulungu mokweza, osati chifukwa cha msewu koma kuti aliyense amve kuti achimwiridwa. Rabha ankalira chamumtima. Pachidikha mphepo inkakankha galimoto chammbali, koma matayala anagwira.

Potsika, pali pokhota pena pamene dzuwa silifikapo nyengo yonse yozizira. Madzi otsika m'thanthwe amadutsa pamsewu n'kuundana, ndipo chipale chikagwa pamwamba pake palibe chimene maso angaone. Bassou anafikapo ali pagiya yotsikitsitsa, phazi lili kutali ndi buleki. Ngakhale zinali choncho, anamva matako a galimoto akuchoka, akulowera kumanja, kuphompho. Anaimva m'mpando, m'msana, chiwongolero chitapepuka m'manja ngati chathyoka. Sanaponde buleki. Anangowongolera pang'ono komwe inkapitako mpaka matcheni analuma pansi, galimoto n'kubwerera mumzere. Zonsezi zinatenga nthawi yomeza malovu. Kumbuyo palibe anadziwa kanthu.

Pomwepo anaona mapazi a matayala a Noureddine. Sanakhote ndi msewu. Analunjika kuphompho mopingasa, anakafika m'mphepete penipeni pomwe miyala inagumuka, kenako anabwerera mokhotakhota ngati njira ya munthu woledzera. Bassou anafuna kuima kuti awaonetse amayiwo, koma pamalo otero munthu saima. Chipale chinali chikukwirira kale mapaziwo.

Maganizo ake anali oti akamasule matcheni asanalowe m'mudzi, kuti manyazi achepe. Koma Noureddine anali atafika kalekale ndipo nkhani inali itamwazika. Anthu anatuluka kudzawachingamira kumsewu ndi ng'oma, anazungulira galimoto, ndipo panalibenso poima. Kumunsiko chipale chinali chochepa, moti matcheni ankamenya phula ndi miyala, ngwere ngwere ngwere, mpaka pakhomo. Ng'oma zinayamba kufooka imodziimodzi. Mayi a mkwati anatuluka ndi mkaka ndi zipatso za kanjedza monga mwa mwambo, koma maso awo anali pamatayala.

Magalimoto onse anafika bwino, ndipo ndicho chinamupha Bassou. Pakanagwa ngakhale imodzi, bwenzi anthu akumupsompsona pamutu. Koma palibe anagwa, palibe anakalika, ndiye zinaonekeratu kuti nkhalamba inachita mantha ndi ufa wotayika n'kumangirira mwana wa eni unyolo popanda chifukwa. Pachakudya anayesa kufotokoza za pokhota paja. Noureddine anaseka n'kunena kuti iye anadutsapo ndi dzanja limodzi, lina akusenda lalanje. Amayi amene anali m'galimoto yake anavomereza kuti panangogwedezeka pang'ono basi. Mwina ananama, mwina sanadziwedi. Anthu okhala kumbuyo nthawi zambiri sadziwa kuti imfa yawadutsa pafupi bwanji.

Dzina linamumata Itto tsiku lomwelo. Ankamutcha Wamaunyolo. Mwamuna wake anabwerera kuusilikali n'kumusiya m'manja mwa apongozi, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse cholakwika m'nyumba imeneyo chinali ndi mwini wake. Nkhosa zikapita padera, unyolo uja. Apongozi aamuna ataterereka pakhomo n'kuthyoka chiuno, unyolo uja. Msilikali atamukaniza tchuthi cha chikondwerero, Lalla Mimouna anachita kuyenda ulendo kudzafunsa kuti kodi mumayembekezera chiyani, munthu anamangidwa tsiku la ukwati. Zimenezi Bassou ankazimva kwa anthu okwera takisi, amene amayankhula ngati dalaivala ndi mpando. Zinkamuwawa, koma akakumbukira mapazi a matayala aja ankadziuza kuti bola mwanayo akupuma.

Akamadutsa pamudzipo ankaliza hutala, ndipo poyamba Itto ankatulukira pakhomo n'kukweza dzanja. Kenako anasiya kutuluka.

Nyengo yothyola maapozi itafika, Rabha anabwera ndi uthenga. Itto anali woyembekezera, popeza msilikali anabwerako masiku ochepa chipale chitasungunuka. Amayi a m'nyumbamo anali atayamba kale kunong'onezana kuti mwana wa Wamaunyolo adzabadwa atakulungidwa mchombo m'khosi. Itto ankapempha kuti amalume apite akapepese pamaso pa akuluakulu, mwina mawu oipawo angachoke pamimba pake.

Bassou anapita, atanyamula shuga wa mibulu ndi nkhosa yaing'ono m'buti. Itto anamuchingamira kuseri kwa khola asanalowe m'nyumba. Anali atawonda nkhope, mimba yokha ndiyo inatsogola. Anamupsompsona dzanja mwachangu, akuyang'ana uku ndi uku.

"Amalume, mukakalowa musakayambenso za pokhota paja."

"Nanga ndikanene chiyani? Ndinaona ndi maso angawa, Itto."

"Munaona inu nokha. Ine ndimadya nawo mbale imodzi anthu amenewa. Mukanene kuti msewu unali bwino, munangochita mantha."

"Ukufuna ndikaname?"

"Ndinakugwirani mkono tsiku lija, ndinakupemphani. Simunandimve. Lero ndimvereni."

Apa ndi pamene Bassou anadziwa tanthauzo la dzanja lija. Miyezi yonseyi ankadzitonthoza kuti pa anthu onse, mwanayo yekha ankamvetsa.

M'chipinda cha alendo munadzaza. Apongozi aamuna anali atagona pamapilo ndi chiuno chawo, mayi a mkwati anakhala pafupi ndi thireyi ya tiyi osathira, Lalla Mimouna anatenga malo apakati ngati woweruza, ndipo Noureddine anatsamira khoma, chipewa chili kumutu. Bassou anaika shuga pansi. Munthu amene anadutsa phiri limenelo kuyambira ndevu zisanamere, amene ananyamulapo mitembo ya anzake kuchokera m'phompho lomwelo, anatsegula pakamwa n'kunena kuti tsiku lija msewu unali bwino. Ananena kuti matcheni sankafunika, kuti ukalamba unamulowetsa mantha, ndipo cholakwa chonse ndi chake, mwanayo alibe mlandu.

Lalla Mimouna sanakhutire. Anati kumakomo kuli amayi amene sanamve, abwereze mokweza. Anabwereza. Noureddine anafunsa ngati madala akuvomerezanso kuti nkhani ya mapazi a matayala inali maloto. Bassou anayang'ana kukhomo, kumene Itto anaima atagwira mphuthu ya chitseko, n'kuvomera kuti anali maloto.

Pamenepo tiyi anathiridwa. Nkhope zinamasuka, apongozi aamuna anati munthu wovomera kulakwa ndi munthu, ndipo mayi a mkwati anaitana Itto ndi dzina lake lenileni kuti abweretse buledi ndi uchi. Macheza anayamba kuyenda, za mitengo ya nkhosa, za maapozi, mpaka anafika pa za mwana wobwerayo. Anamwino anali atanena kuti mwanayo sanagone bwino m'mimba, ndipo Itto asayerekeze kuchirira pakhomo, adzapite kuchipatala chachikulu ku Azrou matenda akangoyamba.

"Ndi liti?" anafunsa Bassou.

"Mu Januwale," anatero mayi a mkwati.

Bassou anaika tambula pansi. Ananena mwaulemu kuti ngati ndi choncho, bwanji mwanayo apite kwa mayi ake chipale chisanayambe, akadikirire komweko pafupi ndi chipatala. Lalla Mimouna anayankha kuti mdzukulu woyamba wa nyumba ino sakadikiriridwa kuchikazi ngati kuno kulibe denga. Bassou anati ndiye amuimbire foni nthawi ina iliyonse, iye adzabwera kudzamutenga.

"Inu mwapuma, bambo," anatero mayi a mkwati, mokoma mtima ndithu. "Mwanena nokha kuti mantha akukuvutani. Adzamutenga Noureddine."

"Ndiye ndimusiyire matcheni. Angokhala m'buti, osamanga ngati sipafunika."

M'chipindamo munabuka chiseko. Ngakhale wodwala chiuno anaseka mpaka kubuula.

"Unyolo womwewo, pa mayi wapakati?" anatero Lalla Mimouna akupukuta misozi. "Pakamwa pomwepo mwangonena kumene kuti sumafunika. Kapena munatinamiza?"

Bassou anayang'ananso kukhomo. Itto anali atabwera ndi buledi, ndipo maso ake ankamupempha ngati mmene linachitira dzanja lija, koma ulendo uno anawamva bwinobwino.

"Sindinaname," anatero Bassou.

Anamwa tiyi wake mpaka kumaliza, chifukwa kusiya tiyi wa chiyanjano ndi kuyambitsanso mlandu. Anali wotsekemera kwambiri, wa shuga yemwe anabwera naye.

Itto anamuperekeza mpaka pagalimoto, poyera, osabisalanso kuseri kwa khola. Ankayenda mopepuka ngakhale anali ndi mimba. Anamuuza kuti apongozi amulonjeza ubweya woti alukire mwana bulangete, ndipo Lalla Mimouna amugwira pamimba n'kudalitsa. Bassou ankafuna kumuuza kuti tsiku limenelo adzakhale pampando wakumanja, kutali ndi phompho, adzamange lamba, adzamuuze mlamu wakeyo kuti asaponde buleki pokhota paja. Koma Noureddine anali ataima pakhomo akutokosa m'mano, ndipo mawu aliwonse otero akanagwetsa zonse zimene anagula ndi bodza lake.

Itto anamugwira dzanja ndi manja ake onse awiri n'kulipsompsona, nkhope ikuwala ngati mmene inkawalira ali kamtsikana.

"Zikomo, amalume. Lero ndiye ndigona tulo."